London Yautsa Mapiri Pachigwa ku Kamwala

Kamwala timamudziwa ndi malonda. Anthu amatsika basi pa Intercity n'kulunjika kumashopu a amwenye ndi kumsika wa Luburma kukapikula zitenje, mabulangete, nsapato ndi mapoto. Koma zitseko zachitsulo zikayamba kutsitsidwa madzulo, m'makhonde ena mumatuluka katundu wosagulitsa: bolodi ya pulasitiki yochita kukulunga, kathumba ka maponi ndi mahatchi, ndi foni yong'aluka galasi imene ntchito yake tsopano ndi kukhala wotchi. Chapafupi a drafuti amakhala akumenyetsa zitsekerero za mabotolo, a nsolo nawo ali pawo. Chodabwitsa n'chakuti miyezi ino phokoso lalikulu likuchokera kwa anthu a chesi, amene dziko lonse limawayesa ofatsa.

Nkhani yake ndi London.

Kwa inu amene chesi mumangoionera patali, London ndi njira ina yoyambira masewero munthu akakhala ndi zoyera. Poni wa kutsogolo kwa kwini amapita pa d4, bishopu n'kutuluka msanga kukakhala pa f4, maponi ena awiri pa e3 ndi pa c3, mahatchi pa f3 ndi pa d2, bishopu winayo pa d3. Basi, nyumba yatha kumanga. Dzinali linachokera ku mpikisano umene unachitikira ku London mu 1922, kumene akatswiri angapo anayamba masewero awo motere. Ubwino wake ndi wakuti ungathe kuyala zida zako chimodzimodzi pafupifupi pa chilichonse chimene mnzako wa zakuda wasewera. Ndipo apa mpamene pagona mkangano wonse.

Pali mkulu wina, telala, amene makina ake amakhala pakhonde kuyambira m'mawa. Anthu akuti chiyambire kumuona pa bolodi sanayambepo ndi china chilichonse koma London. Akangokhudza bishopu uja, anyamata oonerera amayamba kudandaula onse pamodzi. "Ba mudala, London futi?" Iye sakweza n'komwe mutu. "Mwana wanga, uyambe wandidya kaye, kenaka udzandiphunzitse zosintha." Otsatira ake, ndipo ndi ambiri kuposa amene amavomera poyera, amati London ndi nsima ya kapenta: sidabwitsa munthu, koma sugona ndi njala. Anyamata amati imeneyo ndi chesi ya anthu amantha, yongodikira kuti mnzako atope n'kudzipha yekha. Wina anafika ponena kuti bungwe la Chess Federation of Zambia liiletse kwa chaka chimodzi kuti anthu aphunzirenso kuganiza, ndipo panapezeka omuwombera m'manja.

Ine pa mlandu uwu ndili kumbali ya telala, ngakhale osati ndi miyendo yonse. Munthu amene amatsegula shopu dzuwa lisanakwere n'kutseka litapendeka, kunyumba ana akudikira fizi, nthawi yoloweza masitepe 20 a katsegulidwe kena aitenga kuti? London imamulola kufika pakati pa masewero ali wamoyo, ndipo pamenepo nzeru zake zimagwira ntchito. Komanso amene amati ndi ya anthu wamba aiwala kuti mu 2023 ku Astana, pa mpikisano wolimbirana ukatswiri wa dziko lonse, Ding Liren wa ku China anaisewera m'masewero achisanu ndi chimodzi n'kugonjetsa nayo Ian Nepomniachtchi. Magnus Carlsen nayenso waisewerapo kambirimbiri. Vuto limabwera pamene dzanja lazolowera kwambiri mpaka maso aleka kuyang'ana.

Izi n'zimene zinamuonekera mkulu winanso wa London, wogulitsa zitsulo za njinga, ndipo nkhani yake yafika kale ku Kabwata ndi ku Chilenje. Anakhala pansi ndi mnyamata wokonza mafoni. Mkuluyo anakankha poni wake pa d4 monga mwa masiku onse. Mnyamata anayankha ndi e5, kupereka poni waulere. Mkulu anadya, akumwetulira. Hatchi yakuda inalumphira pa c6, yoyera pa f3, kwini wakuda n'kukwera pa e7. Apa dzanja la mkulu linapita lokha kwa bishopu wake wokondedwa n'kumuika pa f4, pamalo pake pa nthawi zonse, ati kuteteza poni wadya uja. Kwini wakuda anatsetsereka mpaka pa b4: cheki, ndipo nthawi yomweyo akuloza bishopu ndi poni wa pa b2. Bishopu anabwerera pa d2 kukatchinga. Kwini anadya pa b2. Mkulu anaona ngati mlendoyo walowa m'khola mopanda potulukira, nakankhira bishopu pa c3 kuti amugwire. Mnyamata, osapupuluma, anatulutsa bishopu wake n'kumuika pa b4, ndipo bishopu woyera uja anapezeka womangika, sangadye kwini popanda kusiya mfumu yake pamtetete. Kwini woyera anakwera pa d2 kukathandiza, bishopu wakuda anadya mnzake pa c3, kwini woyera n'kumudya pomwepo, ndipo kwini wakuda anangosuntha pang'ono kufika pa c1. Meti. Masitepe 8, tiyi wa mkuluyo asanazizire.

Akuti panali zii kwa kanthawi, kenaka chiseko chinamveka mpaka kwa azimayi ogulitsa chimanga chootcha. Mkulu anayang'ana bolodi, anayang'ana mnyamata, n'kunena kuti, "Iwe, bwezera tione." Anabwezera, ndipo oonerera asanu anayamba kuloza ndi zala nthawi imodzi, aliyense akuti anaziona kalekale.

Msampha umenewu ndi wakale. Uli m'katsegulidwe kotchedwa Englund Gambit, dzina la Fritz Englund wa ku Sweden, ndipo mankhwala ake ndi apafupi: kwini akadya pa b2, tulutsani hatchi pa c3 m'malo mwa bishopu, mukatero wa zoyera ndiye ali bwino, ndipo kwini wakuda uja amayamba kusowa mtendere. Koma taonani zimene zatsatira. Sabata imeneyo aliyense wa zakuda pa Kamwala ankayankha d4 ndi e5. Sabata yotsatira a London onse anali ataphunzira za hatchi ya pa c3, ndipo anyamata anayamba kuluza mmodzimmodzi. Mnyamata wa mafoni uja akuti tsopano akusakasaka msampha wina pa YouTube, ndipo mabando ake akuthera komweko.

Gulu lina losasowa ndi la Sicilian. Awa ambiri ndi anyamata a ku koleji, ena amakwera minibasi kuchokera ku Chelstone ndi Great East Road yonseyo kudzangosewera blitz ya mphindi zisanu. Mukawayambira ndi e4, poni wawo wa pa c5 amafika pa bolodi inu musanachotse dzanja. Amakonda kutchula maina: Najdorf, imene Bobby Fischer ndi Garry Kasparov ankaidalira, ndi Dragon, imene dzina lokhalo limawapatsa mphamvu. Najdorf yo ndi ya Miguel Najdorf, wobadwira ku Poland amene anakhazikika ku Argentina, ndipo ndi nyanja yakuya moti ngakhale akatswiri amamiramo. Anyamatawa amailoweza ndithu, masitepe 12, ena mpaka 15, ndipo amasewera mothamanga, akumenya foni ya wotchi ija mwamphamvu kuti aliyense adziwe kuti zonse zili m'mutu.

Chimene chimawapweteka mtima ndi chakuti madoda a pa Kamwala safuna kulowa nawo m'nyanjamo. Pa sitepe yachiwiri amangokankha poni pa c3, imene mabuku amaitcha Alapin, kapena kutulutsa hatchi pa c3 n'kutseka pakati. Zoloweza zonse zija zimathera pomwepo. Mnyamata wina anamveka akudandaula kuti wakhala usiku wonse akuwerenga Najdorf pa kandulo magetsi atapita, koma m'masewero asanu ndi awiri palibe ndi mmodzi yemwe amene anamulola kuisewera. Anamuyankha ndi dalaivala wina wa takisi: "Nanga ife tinasaina kuti tizisewera zimene wawerenga iwe?"

A French ndi a Caro-Kann sachita phokoso, choncho nkhani zawo n'zochepa. A French anayenda modzitukumula mu Novembala 2024 pamene Ding anawina nayo masewero oyamba ku Singapore polimbana ndi Gukesh Dommaraju, koma mu Disembala Gukesh atatenga ukatswiri ali ndi zaka 18 anabwerera kukhala chete. Wa Caro-Kann alipo mmodzi wodziwika, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Woodlands, amene akuti masewero ake amatha mashopu onse atatseka ndipo alonda ayamba kale kusonkha moto.

Ana a sukulu ali ndi zawo. Amene angophunzira kumene amatulutsa kwini pa h5 ndi bishopu pa c4, maso onse ali pa f7, kufuna meti ya masitepe anayi. Ikakanika amasowa chochita, kwini n'kumathamangitsidwa bolodi yonse. Okulirapo pang'ono asamukira ku Fried Liver, kumene hatchi imadziponya pa f7 kuti mfumu yakuda ituluke panja. Imagwira ntchito kufikira tsiku limene akumana ndi munthu wodziwa kuika hatchi yake pa a5 m'malo modya poni wa pa d5. Makolo ena a ku Kabulonga amalipira aphunzitsi a chesi obwera kunyumba, ndipo ana awo amafika pa mpikisano ndi laputopu yodzaza ndi mafayilo. Pa Kamwala amawalemekeza anawo, koma amakondwa kwambiri akamva kuti mmodzi wa iwo wagwa m'manja mwa mwana wa ku Misisi amene anaphunzirira pa bolodi yobwereka.

Koma palibe chimene chimatenthetsa mitu kuposa rating, nambala yoyezera mphamvu za wosewera. Moni wa anthu a chesi masiku ano ndi wakuti, "Muli pa zingati?" Ndipo yankho limafuna kulifunsitsa, chifukwa manambala alipo amitundu iwiri. Ilipo ya pa foni, ya Lichess kapena Chess.com, ndiye ilipo ya FIDE, bungwe loyendetsa chesi pa dziko lonse, imene munthu amaipeza pokhapokha atasewera pa mpikisano wovomerezeka, maso ndi maso, masewero osachepera asanu ndi anthu amene ali nayo kale. Pa Lichess aliyense amayambira pa 1500, ndipo manambala a kumeneko amakhala okwera kuposa a FIDE. Ndiye mumamva mnyamata akulengeza kuti iye ndi wa 2100, anthu n'kumupatsa mpando, kenaka wina n'kufunsa mofatsa kuti, "Ya kuti?" Akati ya pa foni, mpando uja amauitanitsanso.

Pa 1 Malichi 2024 kunachitika chinthu chimene mpaka lero chikadali pakamwa. FIDE inaona kuti manambala a osewera wamba anatsika kwambiri poyerekeza ndi mphamvu zawo, ndipo inakweza aliyense amene anali pansi pa 2000. Anatenga mpata wotsala kuti munthu afike pa 2000 n'kumuwonjezera magawo 4 mwa magawo 10 a mpatawo. Wa 1500 anadzuka ali pa 1700. Wa 1000 anapezeka pa 1400, pamene tsopano ndiye poyambira. Wa 1950, amene anakhetsa thukuta zaka zambiri, anangolandira 20. Mungaganize nokha mmene zinalili. Akuti bambo wina amene anali atasiya mipikisano kalekale anagulira anzake zakumwa kukondwerera mapointi 200 amene anawapeza ali m'tulo, pamene mnzake wa 1900 ndi kanthu anakhala sabata yathunthu osalankhula ndi munthu. Mpaka pano mukatchula nambala yanu pamakhala wina wofunsa ngati ili ya kale kapena ya bonasi.

Masamu a rating ndi a Arpad Elo, mphunzitsi wa sayansi wobadwira ku Hungary, ndipo FIDE inayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1970. Anthu a pa Kamwala, amene kuwerengera phindu ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku, amawadziwa bwino kuposa ophunzira ambiri. Munthu wamkulu wosafika pa 2400 akagonjetsa mnzake wofanana naye amapeza mapointi 10. Akagonja kwa amene ali pansi pake ndi 200 amataya 15. Koma mwana wosakwana zaka 18 amene sanafike pa 2300 amawerengeredwa kawiri, ndiye pa masewero omwewo iye amatenga 30. N'chifukwa chake pa mpikisano palibe chimene madoda amachiopa kuposa kamwana ka yunifolomu, miyendo yosafika pansi, nambala yake 1500 koma mphamvu zake za 1900 chifukwa kamasewera pa foni usiku ndi usana. Mndandanda wa osewerana ukangomatidwa pakhoma, mumaona bambo wa ndevu zaimvi akuwerenga dzina la mdani wake, kenaka akufunsa mwakachetechete kuti mwanayo ali giredi chani. Ambiri a London amavomereza kuti anaithawira chifukwa cha ana omwewa, kuti asafe msanga m'misampha ya pa intaneti.

Mkangano uliwonse ukafika povuta, dzina la Amon Simutowe limatulukira. Aliyense amafuna kuti likhale kumbali yake. Mwana wa ku Ndola ameneyu, wobadwa mu 1982, anakhala katswiri wa Zambia yonse mu 1996 ali ndi zaka 14, anakwaniritsa muyeso wake wachitatu wa ugrandmaster ku Arnhem m'dziko la Netherlands mu 2007, ndipo mu 2009 anakhala grandmaster woyamba wa mu Africa ya kum'mwera kwa Sahara. Amamutcha Zambezi Shark. A Sicilian amati munthu sungapatsidwe dzina la shaki ukusewera mwamantha. A London amati chimene chinamukweza ndi kupirira pa bolodi maola ambiri, osati misampha. Onse amalankhula ngati anakulira naye nyumba imodzi.

Akatha za Simutowe amabwera kwa ena. Gillan Bwalya anakhala moyang'anizana ndi Vladimir Kramnik pa World Cup ya 2013 ku Tromsø, chaka chimene Kramnik anatenga chikhocho. Richmond Phiri anakumana ndi Hikaru Nakamura ku Baku mu 2015. Andrew Kayonde analepherana ndi Vassily Ivanchuk wa ku Ukraine pa Olympiad ya ku Batumi mu 2018, ndipo nkhani imeneyi imakambidwa pa Kamwala ngati inachitika dzulo. Chitumbo Mwali anagonjetsa grandmaster Haik Martirosyan wa ku Armenia m'masewero amodzi mwa awiri pa World Cup ya 2021 ku Sochi, n'kudzatuluka pa masewero othamanga olekanitsa. Lusaka yomweyi inalandira mpikisano wa akatswiri a mu Africa mu 2005, umene anawina Ahmed Adly wa ku Egypt, ndipo mu 2018 unachitikira ku Livingstone n'kupita kwa Bassem Amin, wa ku Egypt yemwenso. Anthu amatchula zonsezi monyadira, ndipo akuyenera kutero. Dziko limene mpira umadya pafupifupi ndalama zonse za masewero latulutsa anthu okhala pa tebulo limodzi ndi akatswiri a dziko lapansi.

Ndimakonda mikangano imeneyi, chifukwa ndi imene imasonkhanitsa telala, dalaivala, mphunzitsi ndi mwana wa giredi 9 pa benchi limodzi, chinthu chosowa m'tauni muno. Koma ndikaima kumbuyo kwa osewera a pakati pa 1500 ndi 1900 n'kumaonerera, ndimaona kuti masewero ochepa kwambiri ndi amene amathera pa katsegulidwe. Nkhani ya masitepe 8 ija yafala chifukwa ndi yosowa. Ambiri amatuluka bwinobwino mu London yawo kapena mu Najdorf yawo, kenaka cha pa sitepe ya 25 wina amasiya hatchi popanda woiteteza, kapena saona kuti ruku walowa mzere wakumbuyo. Ena amafika kumapeto ali ndi ruku ndi poni mmodzi wopambana, chigonjetso chili m'manja, koma osadziwa kamangidwe ka mlatho kotchedwa Lucena kamene kali m'buku lililonse la oyamba, ndipo masewero amathera kulepherana. Akadzuka pamenepo mlandu amaupatsa katsegulidwe, mawa n'kuyamba kuphunzira kena.

Chinanso n'chakuti masewero a pakhonde salembedwa. Pa mpikisano wa nthawi yaitali lamulo limakakamiza aliyense kulemba sitepe iliyonse, koma ambiri pepalalo amalipinda n'kuliiwala m'thumba la thalauza mpaka litachapidwa. Amene amakwera ndi aja amakhala pansi madzulo n'kubwereza masewero amene aluza, kufunafuna pamene zinakhotera. Telala uja, ngakhale amamuseka, ali ndi kope la sukulu lodzaza ndi masewero ake, ndipo n'chifukwa chake anyamata amamudandaula koma samudya.

Pa mabenchi amenewa atsikana saoneka kawirikawiri, ndipo chimenechi sichiseketsa. Filimu ya The Queen's Gambit itatuluka pa Netflix mu 2020, atsikana ambiri anafuna kuphunzira, ndipo m'masukulu alipo amene akusewera bwino zedi. Zambia ili ndi osewera ngati Lorita Mwango amene aimirira dziko ku ma Olympiad. Koma khonde la madzulo lodzaza amuna okuwa si malo amene kholo lingatumizeko mwana wake wamkazi. Akuti mtsikana wina wa sekondale anaima tsiku lina akuchokera kogula nsalu ndi amayi ake, napempha masewero amodzi. Anayamba ndi d4 ndi c4, Queen's Gambit yeniyeni, nagonjetsa mmodzi wa a Sicilian aja mwaukhondo, n'kunena kuti, "Zikomo, amalume," amayi ake akumukoka dzanja kuti akapeze basi. Mpaka lero wogonjayo akuti anali ndi mutu tsiku limenelo, ndipo anzake amamufunsa za mutuwo nthawi iliyonse akafika.

Mikangano yonseyi ili ndi malo amodzi oithetsera, ndiwo mpikisano wovomerezeka ndi FIDE, wokhala ndi woweruza, mawotchi enieni ndi mapepala olembapo. Ambiri mwa anyamata a pa Kamwala sanaseweremo ndi kamodzi komwe, chifukwa ndalama yolembetsera ndi ya minibasi masiku awiri kapena atatu zimaposa zimene amapeza. Zofunika si zambiri: holo ya sukulu Loweruka ndi Lamlungu, mabolodi 30, woweruza wovomerezeka, chakudya chamasana, ndi kamphatso koti wopambana apite nako kunyumba. Inu eni mashopu a pa Kamwala, amene makhonde anu asanduka mabwalo a masewerowa, sonkhanani mukambirane ndi a Chess Federation of Zambia, muike mpikisano umodzi pa chaka wa osewera osafika pa 2000, atsikana ndi ana a sukulu alowe ulere. Telala ndi anyamata a Sicilian akuti ali okonzeka kulembetsa tsiku lomwelo.